Kalata kwa Achemwali Anga a ku Chilobwe: Sikelo Ikaima, Musataye Mtima

Achemwali anga okondedwa,

Ndasankha kulemba kalata chifukwa nkhani imene ili pamtima panu si yomalizira pa foni, wina akudera nkhawa mayunitsi, wina akumeza misozi kuti ana asamve. Ndailemba poyera mwadala, chifukwa mu Blantyre muli amayi ndi abambo ena amene anapita ku India kapena kuno ku South Africa kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, anabwerera kwawo, ndipo lero alibe wowafotokozera zimene zikuchitika m'thupi mwawo. Dzina lanu sinditchula, koma inu mudziwa kuti kalatayi ndi yanu.

Mwandiuza kuti patha masabata angapo sikelo ikuloza pamodzimodzi. Mwati ndalama zonse zija, za ngongole ndi za poloti munagulitsa ija, zalowa m'madzi. Mwatinso mwina inu munangolengedwa woti simungaonde. Achemwali, ndikuyankheni mosapita m'mbali: opaleshoni sinalephereke, ndipo inu simunalakwe kanthu. Zimene zakuchitikiranizi zimachitikira pafupifupi aliyense amene anadutsa njira imeneyi. Madokotala amazidziwa, amaziyembekezera, ndipo zili ndi zifukwa zomveka. Ndikufuna muzimvetse zifukwazo, chifukwa munthu akadziwa chimene chikumuchitikira sathamangira mankhwala a m'mphepete mwa msewu.

Tiyambe ndi zimene adokotala anachita. Opaleshoni yanu ija, imene iwo amaitcha sleeve gastrectomy, ndi yochotsa mbali yaikulu ya chifu, pafupifupi magawo 75 mpaka 80 pa magawo 100, n'kusiya kanjira kopapatiza kamene kamadzadza ndi chakudya chochepa. Koma sanangochepetsa malo okha ayi. Mbali imene anachotsayo ndi imene imapanga kwambiri homoni yotchedwa ghrelin, yomwe akatswiri a ku Japan anaitulukira mu 1999, ndipo ntchito yake ndi kuuza ubongo kuti munthu ali ndi njala. N'chifukwa chake miyezi yoyambirira ija munkachita kukumbutsidwa kudya, thupi n'kumatsika mofulumira moti atelala anu ankangokhalira kubweza madiresi omwewo.

Liwiro limenelo silikhala mpaka kalekale. Kawirikawiri munthu amaonda kwambiri m'miyezi 3 mpaka 6 yoyamba. Ikatha imeneyo amayamba kutsika pang'onopang'ono, kuima, kutsikanso, mpaka thupi limadzakhazikika pakatha miyezi 12 mpaka 18, ena mpaka zaka ziwiri. Ambiri amataya magawo 25 mpaka 30 pa 100 a kulemera kumene anali nako. Ndiye kuti munthu amene ankalemera makilogalamu 120 nthawi zambiri amadzakhazikika cha m'ma 85 kapena 90, osati 60 monga ena amaganizira. Inu chaka sichinathe n'komwe. Ulendo ukadalipo.

Ku Sweden, kuyambira mu 1987, madokotala akhala akutsatira anthu onenepa kwambiri oposa 4,000, theka lawo ochitidwa opaleshoni, theka linalo ayi. Anaona kuti ochitidwa opaleshoniwo ankafika pochepetsetsa patatha chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako ambiri thupi linkabwererako pang'ono. Ngakhale zinali choncho, zotsatira zimene anatulutsa mu 2007 zinaonetsa kuti imfa zinali zochepa pakati pawo poyerekeza ndi anzawo aja. Kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti shuga ndi matenda a mtima sizinkawagwira kwambiri ngati enawo. Phindu la opaleshoni silinathere pa tsiku limene sikelo yawo inaima.

Nanga chimaimitsa sikelo n'chiyani? Choyamba n'chosavuta kumva: thupi laling'ono limafuna mphamvu zochepa. Chakudya chimene chinkakuondetsani muli wamkulu, lero chingathe kungokwanira kukusungani pomwe mulipo. Chachiwiri n'chakuti thupi limadziteteza. Mukukumbukira mmene malemu amayi ankachitira mu Febuluwale, ufa ukatsala pansi pa thumba? Phala la m'mawa ankalidumpha, madzi a m'poto ankachepetsa, nsima ankaphika yoti tingofika mawa. Thupi nalo limatero. Silidziwa kuti kuondaku mwachita kufuna. Limayesa kwagwa njala, ndiye limayamba kusinira. Mafuta a m'thupi amapanga homoni yotchedwa leptin, imene Jeffrey Friedman ndi anzake anaitulukira ku New York mu 1994. Mafuta akachepa, leptin nayo imachepa, ndipo ubongo ukaona zimenezo umachepetsa mphamvu imene thupi limatentha, n'kuyamba kubweretsanso chilakolako cha chakudya.

Zimenezi zinayezedwa ndithu. Mu 2016, Kevin Hall ndi anzake ku America anatulutsa zimene anapeza pa anthu 14 omwe anaonda kwambiri pa mpikisano wa pa wailesi ya kanema wotchedwa The Biggest Loser, modzimana chakudya ndi kuchita masewera olimbitsa thupi modetsa nkhawa. Patatha zaka 6, matupi awo akapuma ankatentha makalori pafupifupi 500 patsiku ocheperapo kusiyana ndi mmene zimayenera kukhalira kwa anthu a msinkhu wawo ndi kulemera kwawo. Ndakuuzani izi kuti muleke kudzitcha waulesi kapena wosusuka. Mukulimbana ndi chilengedwe cha thupi la munthu, ndipo chimenechi chimafuna nzeru ndi kudekha, osati kudzilanga.

Tsopano za sikeloyo. Mwandiuza kuti mumakwera ya kunyumba m'mawa, masana ya mnyamata wokhala pa khonde la sitolo ku Limbe uja, Lachisanu ya kuchipatala. Achemwali, masikelo atatu sangagwirizane. Ya mnyamata uja yapondedwa ndi anthu osawerengeka, imakhala pa simenti yopendekeka, ndipo mumaikwera mutavala nsapato, juzi ndi zitenje ziwiri. Komanso sikelo simayeza mafuta okha. Imayeza madzi, mafupa, minofu ndi chakudya chimene chili m'matumbo. Mukadya matemba amchere wambiri, mukayandikira kumwezi, kapena mukadzimbidwa masiku awiri, thupi lingathe kusunga kilogalamu imodzi kapena ziwiri, n'kubisa mafuta amene achoka. Muzidziyeza kamodzi pa sabata basi: tsiku lomwelo, sikelo yomweyo, m'mawa mutapita kuchimbudzi, musanadye kanthu.

Kenako mukapemphe tepi kwa atelala. Muziyeza chiuno pamwamba pang'ono pa mchombo kamodzi pa masabata awiri, n'kulemba. Nthawi zambiri sikelo ikaima, tepi imapitirizabe kutsika, ndipo mafuta a pamimba ndi omwe amayenda limodzi ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ngakhale chitenje chanu chingakuuzeni zoona. Chaka chatha nsonga yake inkavuta kupisira. Onani pomwe ikufika lero.

Ngati patha mwezi wathunthu kapena kuposerapo sikelo ndi tepi zonse zili chiimire, pamenepo ndiye tifufuze. Musayambe n'kuchepetsa chakudya. Gulani kope la ana asukulu, ndipo kwa sabata imodzi muzilemba chilichonse cholowa m'kamwa, nthawi yake ndi kuchuluka kwake, ngakhale sipuni imene mwalawira ndiwo. Musalembe zoti musangalatse ine kapena adokotala. Kopelo ndi limene lidzatiuze pomwe pali vuto, ndipo ndikuganiza kuti lidzaloza malo amene nditchule apawa.

Oyamba ndi zakumwa. Chifu chanu chaching'onocho chimaletsa mtanda wa nsima, koma sichiletsa madzi. Tiyi wa masipuni atatu a shuga, thobwa la kwa aneba, maheu, Sobo, Fanta, zonsezi zimangodutsa osakusiyirani kukhuta kulikonse. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wopitirira pang'ono magalamu 30, pafupifupi masipuni aang'ono 8. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asamapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wotere patsiku, ndipo n'kwabwino koposa kukhala pansi pa 25, omwe ndi masipuni 6. Makapu awiri a tiyi wathu wa kunyumba afikapo kale pamenepo dzuwa lisanakwere. Chepetsani sipuni imodzi sabata iliyonse mpaka lilime lizolowere. Zakumwa zampweya zisiyeni, zimafufumitsa m'mimba. Mowa ndi vinyo wa pa ukwati musayandikire, chifukwa munthu wochitidwa opaleshoni yotere amaledzera msanga ndipo savuta kuzolowera.

Malo achiwiri ndi kutolatola. Munthu amene sangathenso kudya mbale yodzadza amatha kudya chakudya chochuluka chomwecho mwa tizidutswa, kuyambira m'mawa mpaka usiku, iye osazindikira. Mtedza wokazinga wa m'kachikwama, theka la mandasi limene mwana wasiya, tichipisi tiwiri ta pa chiwaya podikira minibasi, chitumbuwa pamsika, bisiketi ya pa msonkhano wa amayi. Zofewa ndi zokazinga zimatsetsereka mosavuta, sizikhalitsa m'chifu, ndipo pakangopita kanthawi mumafunanso china. Njira yake ndi kukhala ndi nthawi zodziwika: kudya katatu patsiku, mutakhala pansi, m'mbale yaing'ono, ndi kachakudya kamodzi kapena kawiri kokonzeratu pakati, monga dzira lowiritsa kapena kapu ya chambiko chopanda shuga. Kunja kwa nthawi zimenezo, m'kamwa muzilowa madzi okha.

Malo achitatu ndi ovuta kwa ife amene tinakulira pa nsima. Tili ana tinkakalipiridwa tikamatha ndiwo. Anatiphunzitsa kuti chakudya ndi nsima, ndiwo n'zongothandizira kumeza. Kwa inu tsopano lamulo limenelo latembenuka. Yambani ndi ndiwo zomanga thupi, kenako zamasamba, ndipo nsima ibwere pomalizira ngati malo atsala, kambamu kamodzi kapena tiwiri, makamaka ya mgaiwa. Madokotala a opaleshoni zotere amalangiza magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni patsiku, chifukwa akachepa thupi limadya minofu yake yomwe, ndipo minofu ikatha mphamvu imene mumatentha imatsikiratu. Simukufunika zam'zitini zodula za ku Chichiri. Msika wa Chilobwe uli ndi zonse: dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, usipa, bonya ndi matemba ouma zili ndi mapuloteni ochuluka kwambiri, ndipo podya ndi minga yomwe mumapezanso kashiamu, pali nyama ya soya, nyemba, nandolo, khobwe, nkhuku yochotsa khungu. Nsomba zouma muzizinyika kaye m'madzi kuti mchere uchepe, ndipo ziphikidwe mpaka zifewe. Zamasamba ndi zomwe zija: bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, therere.

Yang'aniraninso dzanja lothira mafuta. Ife timangopendeketsa botolo mpaka tomato asambire, koma sipuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Muziyeza ndi sipuni. Nsinjiro ndi zabwino, koma nazo n'zamafuta, choncho potendera musadzadze dzanja. Muzitafuna mpaka chakudya chisalale, kudya kutenge mphindi 20 kapena 30, ndipo mukangomva kulemera pansi pa chifuwa, lekani, ngakhale m'mbale mutatsala. Musamwere madzi pa chakudya. Dikirani mphindi 30. Koma pakati pa tsiku muzimwa pang'onopang'ono mpaka lita imodzi ndi theka kapena malita awiri, makamaka mu Okutobala kukatentha. Ludzu limanamiza munthu kuti ndi njala, ndipo kusowa madzi n'komwe kumabweretsa kudzimbidwa kuja.

Malo achinayi ndi minofu. WHO imalangiza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zoyenda mwandawala kapena kugwira ntchito yotulutsa thukuta, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Inu muli ndi mwayi umene anthu a kuno amalipira ndalama kuti aupeze: Chilobwe ndi chitunda. Kuchoka pamsika kukwera kunyumba wapansi, m'malo mokwera kabaza, ndi masewera okwanira. Tsiku lina mulowere cha ku damu la Chimwankhunda, tsiku lina mufike ku Zingwangwa, muli ndi mnzanu wocheza naye. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kutilanda anansi athu ambiri, njira zina za kumtunda zinasanduka zigwembe, choncho musakwere kuphiri nyengo ya mvula kapena kusanache. Za minofu, yambani ndi mpando wa pabalaza: khalani, imani, osagwira paliponse, kakhumi, pumani, bwerezani. Dzadzani mabotolo awiri a malita awiri, muziwanyamula m'mwamba ndi m'mbali. Kankhani khoma ndi manja. Zolemera kwambiri, monga ndowa yodzadza, muyambe mwafunsa adokotala ngati mabala a pamimba anapoleratu. Mukayamba zimenezi sikelo ingathe kuima kaye kapena kukwera pang'ono. Amenewo ndi madzi a m'minofu, musachite mantha.

Malo achisanu nawonso sali m'mbale. Ndikudziwa kuti simugona. Ngongole ya ku banki m'khonde, fizi ya ana, ndi foni imene mumagwira mpaka pakati pa usiku. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 kapena kuposerapo, ndipo wosagona mokwanira amadzuka ndi njala yambiri, makamaka ya zotsekemera. Komanso opaleshoni inadula chifu, sinadule chizolowezi chothawira ku chakudya mtima ukawawa. Mukadziona mukutsegula kabati musakumva njala, dzifunseni chimene chakupwetekani tsikulo. Ngati chisoni chikukhalitsa, simukufuna kuonana ndi anthu, kapena mukungolira, mukauze adokotala. Matenda a maganizo amachizika, ndipo si chamanyazi. Za ngongoleyo tikhala pansi ndi alamu tigawane, musaisenze nokha.

Tsopano zachipatala, ndipo apa ndikuchondererani. Mavitamini amene adokotala anakulemberani aja si a miyezi yochepa, ndi a moyo wanu wonse. Chifu chochepetsedwa sichithandiza thupi kuyamwa bwino vitamini B12 ndi ayironi, ndipo kashiamu, vitamini D ndi vitamini B1 nazo zingathe kuperewera. Munthu wochepa magazi amatopa, sayenda, ndipo amafunafuna shuga kuti apeze mphamvu. Mukayezetse magazi monga anakulemberani, ndipo masiku olankhulana ndi adokotala a kuno pa foni musawaphonye chifukwa cha manyazi oti sikelo yaima. Nthawi yowafuna kwambiri ndi imeneyi. Ku Gulupu kuli kiliniki ya matenda a shuga, ndipo kuthamanga kwa magazi mungayezetse pafupi, pa chipatala cha Zingwangwa. Mukatenge kope lija, buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ndipo mukapemphe kuonana ndi katswiri wa kadyedwe. Mankhwala ena amanenepetsa, monga insulin, glibenclamide, prednisolone, amitriptyline ndi jakisoni wolera wa miyezi itatu kwa amayi ena. Musasiye nokha aliwonse. Adokotala ndiwo angasinthe kapena kuchepetsa mlingo, popeza thupi likatsika mlingo wakale wa mankhwala a shuga ndi a magazi ungathe kukugwetsani. Za kulera mukakambiranenso, chifukwa kuonda kumabweza mphamvu yobereka, ndipo amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 munthu asanatenge pakati. Brufen ndi diclofenac musagule pa golosale. Zimatha kuyambitsa zilonda m'chifu.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira mawa: kusanza kosalekeza, kulephera kumeza ngakhale madzi, kupweteka kwambiri m'mimba, chimbudzi chakuda bii, dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kusokonezeka mutu kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Kusanza kwa masiku angapo kumatha vitamini B1 mofulumira, ndipo zimenezi zingaononge mitsempha ndi ubongo. Zikatero thamangani kuchipatala, ndipo mawu oyamba mukanene kuti munachitidwa opaleshoni ya chifu. Alamu ndi mwana wamkulu uja adziwenso zimenezi.

Ndamva kuti pa gulu lanu la WhatsApp pali wina akugulitsa tiyi wochepetsa thupi. Achemwali, musamwe. Ambiri mwa matiyi amenewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsika masiku awiri chifukwa madzi atuluka, mafuta ali pomwepo, ndipo kwa munthu wa chifu ngati chanu kutaya madzi motero n'koopsa. Kudzimana chakudya tsiku lonse nako kumangodya minofu. Ngakhale kusala kudya kwa kutchalitchi, kambiranani ndi abusa ndi adokotala. Mulungu amene anakudzutsani pa tebulo la opaleshoni sakufuna kuti mukomoke kuphiri. Jakisoni wa Ozempic amene anthu akumutchulatchulayo alikodi, mankhwala ake ndi semaglutide, ndipo madokotala nthawi zina amapereka mankhwala a mtundu umenewu kwa munthu amene opaleshoni yokha sinamufikitse pofunika. Koma ndi olemberedwa ndi dokotala wokudziwani. Mu Juni 2024, WHO inachenjeza kuti m'mayiko angapo mwapezeka Ozempic wachinyengo. Wogulitsidwa m'chikwama musamukhulupirire. Zoti mwina mukachitidwenso opaleshoni ina, imeneyo ndi nkhani ya kutsogolo kwambiri, zonsezi zitayesedwa.

Chimene chikukupwetekani koposa ndikuchidziwa, ndi pakamwa pa anthu. Kwathu munthu akanenepa timati akudya bwino, banja lamuyanja. Akaonda timayamba kunong'onezana. Ife tinakula m'zaka za m'ma 1990, pamene kaliwondewonde ankatanthauza maliro, ndipo ngakhale mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere mu 2004 n'kupulumutsa anthu ochuluka, mantha aja sanachoke m'maso mwathu. Ndiye mukamatsika pamsika wina akuti, “Mwatani kodi amayi, mukudwala?” Winanso, amene akudziwa za opaleshoni, akuti munasankha njira yachidule. Mukafika pa chinkhoswe kapena pa maliro akuikirani mitanda itatu, mukabweza akuti mwayamba kunyada. Kenako anthu omwewo akaona kuti mwasiya kuonda akuti, “Paja tinanena.” Simungawakondweretse onse. Mawu ochepa akukwanirani: “Zikomo, adokotala anandiuza kuti ndizidya pang'ono.” Pemphani mbale yaing'ono, tengani ndiwo, khalani pakati pa anzanu mudye nawo. Kudya pang'ono pagulu si mwano. Ndipo amene akuti munadutsa njira yachidule sanakuoneni mukumwa msuzi wokhawokha ndi sipuni masabata oyamba aja, kapena mukuphunzira kumeza madzi kadontho kadontho.

Dziwaninso kuti vutoli si lanu nokha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi anali onenepa kupitirira muyezo, ndipo m'matauni anali 36 mwa 100. Kafukufuku wina wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ambiri mwa amene akukusekaniwo akuyenda ndi matenda omwewo osadziwa. Tsiku lina adzabwera kudzakufunsani nzeru, ndipo mudzawalandire bwino.

Ndikukumbutseni chimene tinapitira kuchipatala. Sitinapite kukafuna nambala ya pa sikelo. Tinapita chifukwa shuga anali atakana kutsika, mawondo atatupa, usiku mukubanika m'tulo mpaka alamu kumakugwedezani ndi mantha. Tinapita chifukwa tonse awiri tinaona mmene shuga anayambira ndi kachilonda ka pachala cha amayi mpaka kuwatengera kumanda, ndipo munalumbira kuti ana anu sadzaona zimenezo. Lero mapiritsi anu achepa. Mukugwada m'tchalitchi n'kudzuka osagwira benchi. Mukumanga nokha zingwe za nsapato. Mwanena nokha kuti mwakwera kuchokera pamsika mutanyamula jumbo ya tomato osaima panjira. Sindikunamizani: mwina sikelo sidzafika pa nambala imene munailemba mumtima, ndipo khungu lina lidzalendewera. Koma ngakhale thupi litakhazikika pamwamba pang'ono pa pomwe munkafuna, shuga ali m'malo, magazi akuyenda bwino, miyendo ikukunyamulani, ndiye kuti chimene tinapitira tachipeza. Ndikukhulupirira kuti mukakonza zimene kope lija lidzaonetse, thupi lidzayambanso kutsika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu awa apite kwa alamu ndi ana, muwawerengere. Alamu, munaima nawo achemwali pa nthawi yovuta, ndipo banja lathu silidzaiwala. Chatsala n'chakuti asamadye okha chakudya chawo pakona ngati wodwala. Patebulo pazikhala ndiwo zambiri ndi masamba kwa aliyense, zakumwa zotsekemera zisamagone m'nyumba, ndipo madzulo ena muziwaperekeza koyenda. Ananu, shuga ali m'magazi a mtundu wathu. Kadyedwe kamene mayi anu akuphunzira lero kadzakutetezani inunso. Musawafunse kuti sikelo ikuti bwanji. Muziwafunsa ngati amwa madzi ndi mavitamini.

Mavitamini a miyezi ikubwerayi ndagula kale, ndipatsira odzera pa basi mwezi uno usanathe. Inu mbali yanu ndi itatu: kope liyambe mawa, tepi mukatenge kwa atelala, ndipo sabata ino mukalembetse tsiku loonana ndi adokotala. Lamulungu mukaweruka kutchalitchi ndidzaimba, tidzawerengere limodzi zimene mwalemba, popanda kukalipirana.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa amayi a Mvano ndi kwa anansi onse. Ndimakukondani kwambiri, achemwali, ndipo ndimakunyadirani.

Ine mng'ono wanu,
wa ku Joni